Batire Lakumbuyo la Abiti Yusufu

Senderani pafupi, khalani pansi bwinobwino, amene ali ndi mwana wolira amuyamwitse kuti timvane. Mwakhala mukundifunsa za njinga ya olumala ija yoyenda yokha ndi mabatire, kuti ine wosadziwa kulemba ngakhale dzina langa ndinaidziwira kuti. Lero ndinena, wolemba alembe. Iyi si nthano, musandiyankhe kuti tili tonse. Ndi ntchito imene ndinagwira ine Nachisale, kumudzi kwathu kufupi ndi doko la Kachulu panyanja ya Chilwa, msana wanga udakali wowongoka.

Chaka chimenecho madzi mumtsinje wa Likangala anachepa, mpunga wanga kusikimu n'kupsa usanatulutse ngala. Bambo akunyumba anali atamwalira kale, wolima nane panalibe. Ndinayamba kulawirira kudoko kukafuna ganyu wotumbula milamba ndi kuyanika matemba, ndipo ndinamupeza kwa Che Amidu. Che Amidu ankayendetsa geni ya nsomba, koma geniyo sinali yawo. Inali ya achemwali awo, Abiti Yusufu.

Abiti Yusufu pa Kachulu ankadziwika ndi mwana yemwe. Anali mayi wachisilamu, wamtali, wa mawu aakulu. Anayamba kugula nsomba ali mtsikana, ndipo asodzi ankawasungira nsomba zabwino chifukwa nthawi ya njala ankawapatsa ufa osawanyoza. Ndiye tsiku lina minibasi imene anakwera popita ku Zomba inagubuduzika, msana n'kuthyoka. Kuyambira m'chiuno kutsika mmunsi sankamva kanthu, ngakhale muwatsine. Anagona pamphasa m'chipinda nthawi yaitali, geni ili m'manja mwa achimwene awo. Che Amidu sanali munthu woipa ayi, kungoti zinthu za mlongo wawo zinkawakoma m'manja.

Abiti anali ndi mwana wamwamuna ku Joni, dzina lake Twaibu. Ameneyo ndiye anabwera ndi njingayo, ataikweza pagalimoto za anthu onyamula katundu aja. Itafika, panafunika munthu woisamala, wowanyamulanso mayiyo kuwaika ndi kuwatsitsa. Achibale analipo ambiri, koma Abiti anatuma munthu kudzaitana ine. Anati ali pamphasa ankandiona kudzera pakhomo lotsegula ndikusenza thumba la makala ndekha. Ndinawafunsa kuti bwanji osatenga wa m'banja mwawo. Iwo anati, "Wachibale akakunyamula lero, mawa mudzi wonse wadziwa kulemera kwako. Ine ndikufuna mlendo wa msana wolimba." Ntchito ndinaipeza choncho.

Twaibu anandiphunzitsa pakhonde asanabwerere. Buku lake linalipo, lachingerezi, koma ataona kuti ndaligwira chozondotsa analibweza m'chikwama n'kuyamba kundisonyeza ndi chala. Pansi pa mpando pali bokosi lakuda. M'bokosimo muli mabatire awiri, lina kutsogolo lina kumbuyo, otsekeratu, osathira madzi ngati a galimoto. Lililonse kulemera kwake ngati ndowa ya madzi. Waya wofiira umapita kumutu wofiira, wakuda kumutu wakuda, ndiye pali kawaya kena kakafupi kolumikiza mabatire awiriwo, kokhala ndi fyuzi pakati. Mitu yake timamanga ndi sipanala ya teni, ndipo kuti ndisaisokoneze ndi zinzake anaimangirira kansalu kofiira. Mituyo ndinkaipukuta ndi kuipaka vaselini, chifukwa matope a Chilwa ndi amchere, chitsulo amachidya ngati chiswe.

Kudzanja lamanja kuli kandodo koyendetsera. Ukakakankhira kutsogolo njinga imapita, ukakasiya imaima. Pambali pake pali timagetsi ta mzere, tobiriwira, tachikasu ndi tofiira, tosonyeza mphamvu yotsala. Kumbuyo, pafupi ndi matayala aakulu, kuli tizitsulo tiwiri. Ukatikweza, mota imawasiya matayala, munthu n'kutha kukankha ndi manja. Madzi osathira pa njingayo, koma kansanza konyowa. Timatayala takutsogolo timakola ulusi wa maukonde, ndiye madzulo alionse ndinkatokosa ndi lumo ndi mswachi wakale. Matayala aakulu ndinkawapopa ndi pampu ya njinga wamba, ndikuwadina ndi chala mpaka alimbe ngati papaya wosapsa.

Mawu amene Twaibu anabwereza kwambiri ndi awa: "Amayi, mabatirewa ali ngati ng'ombe zapangolo. Amadya limodzi, amakoka limodzi, amakalamba limodzi. Musawalekanitse, ndiponso asamagone ndi njala."

Kumudzi kwathu magetsi a mawaya sanafike. Potchaja tinkapita kwa a Makwinja, bambo wobwera amene ankameta tsitsi ndi kutchaja mafoni. Anali ndi masola aakulu padenga ndi makina osandutsa mphamvu ya dzuwa kukhala ngati ya m'tauni. Tikachoka kudoko tinkafikira kumeneko. Ine kuwatsitsa Abiti, kuwagoneka pamkeka pakhonde ndi mapilo, kenako kulowetsa chaja pakabowo kamene kali pansi pa kandodo kaja, n'kudikira mpaka kagetsi ka pachaja kasinthe kukhala kobiriwira. Zimenezi zinkatenga mpaka dzuwa kupendeka. Podikirapo ndinkawatembenuza, ndikuyang'ana m'matako ndi kuzidendene ngati pafiira, chifukwa munthu wosamva ululu chilonda chimamudya iye akuseka.

Tsiku loyamba kufika kudoko ndi njingayo sindidzaliiwala. Asodzi anasiya kukokera mabwato kumtunda. Wina anafuula kuti Abiti agula galimoto yopanda dalaivala, wina kuti akufuna ntchito ya ukondakitala. Abiti osaseka. Anayendetsa mpaka pa beseni la matemba, n'kutenga ochepa m'manja, kununkhiza, n'kumuuza mwini wake kuti, "Iwe, awa ndi a dzulo. Ndinathyoka msana, osati mphuno." Doko lonse linaseka. Kuyambira tsiku limenelo ogula anali iwo, Che Amidu n'kubwerera kumbuyo, konyamula mabeseni. Pobwerera kunyumba mayi aja anandiuza kuti bola akufika okha pamaso pa asodzi, ndi munthu. Tsiku limene adzalephere kufika, adzawaika m'manda akupuma.

Tinayenda bwino choncho mvula yonse ndi nyengo yozizira. Zinayamba kuvuta ndi maliro.

Mukudziwa mmene timachitira ife akhristu. Maliro amagonera, pasiwa pamafunika kuwala, ndipo masiku ano akwaya ndi alaliki amafuna chinkuzamawu. Zonsezo zimafuna batire lalikulu. A Makwinja ankakana, ankati mabatire awo ndi omangirira kumasola, akachotsa geni yaima. Anthu ankangoti, tidzamuona tsiku lake. Ndiye wina anakumbukira kuti pansi pa mpando wa Abiti pali mabatire.

Amene anabwera koyamba anali akuluakulu a mpingo wanga womwe. Anavula zipewa, anakhala pansi pabwalo, n'kuyamba ndi chipepeso chachitali. Ine ndinagwada pafupi ndi khutu la Abiti kuwakumbutsa mawu a mwana wawo. Ndinawakumbutsanso kuti kwa iwo Asilamu maliro amaika tsiku lomwelo, zogonerazi ndi zathu. Anandiyankha motsitsa mawu kuti, "Nachisale, ine ndimanyamulidwa ndi anthu. Munthu wonyamulidwa sakana maliro."

Apa ndiye mumvetse bwino. Akuluakulu aja anali anthu aulemu. Atamva kuti mabatire alipo awiri, anati sangatenge onse, chifukwa wobwereka makasu sasesa nyumba, amasiyako limodzi kuti mwini wake alimire. Anati atenga limodzi, linalo likhale la mayi kuti aziyendera. Sankadziwa kuti ndi batire limodzi njingayo siyenda ngakhale phazi. Abiti sanawauze, kuopa kuwachititsa manyazi. Ndinatenga sipanala n'kumasula lakumbuyo, pakuti ukatsegula bokosi ndi limene limayamba kutuluka. Maliro achiwiri, lakumbuyo lomwelo. Achitatu, obwerekawo anachita kunena okha kuti tipatseni lathu lija.

Linkabwera litatheratu, lopanda ndi kadontho komwe. Tsono chaja ija imawadyetsa onse awiri m'mbale imodzi. Lokhuta limapitirira kukhuta mpaka kutentha, lanjala silikhuta, chaja n'kuyatsa kobiriwira kuti zatha. A Makwinja anayesa kumalitchaja palokha ndi tizingwe topanira, zinathandizako pang'ono. Koma njinga imene kale inkapita kudoko, kuzungulira msika wonse n'kubwerera tobiriwira tidakalipo, inayamba kufika kwa a Makwinja ili pa chikasu. Twaibu akaimba foni, mayi ake ankati zonse zili bwino, ine akundiyang'ana ndi diso loti tseka pakamwa.

Chilimwe cha chaka chimenecho chinali choipa. Nyanja inayamba kuthawa. Pamene pankaima mabwato panasanduka matope, matope n'kuuma, n'kung'ambika ngati chidendene cha mlimi. Doko linkasuntha mlungu ndi mlungu kutsatira madzi, mpaka munthu woima pa Kachulu sankawaonanso mabwato, ankangoona phiri la Chisi likunjenjemera m'dzuwa. Zitsime zinaphwa, anthu n'kumamwa zilizonse, matenda otsegula m'mimba n'kulowa. Maliro anatsatana. Batire lakumbuyo linkagona kwathu masiku ochepa kuposa amene linkagona kusiwa.

Kenako anamwalira a Chikopa, mwini mabwato amene ankagulitsa nsomba kwa Abiti kuyambira onse ali achinyamata. Pamenepo ngakhale ine sindikanatsegula pakamwa. Ana awo ena anali kutali, maliro anadikira, batire linakhalitsa. Tinamva kuti masana anthu ankatchajiraponso mafoni. Litabwera, m'mbali mwake munali motupa, ndipo linalowa m'bokosi mochita kukanikiza. A Makwinja analisisita ndi dzanja, kulitchaja tsiku lathunthu, ndipo potitsanzika anati, "Mayi, ili lafa. Tobiriwirato tikukunamizani. Musapite patali."

Koma masiku onse amene batire linali kumaliro, Abiti anali pamphasa, kudoko kukupita Che Amidu. Ndiye tinamva kuti ana a Chikopa, amene tsopano anatenga mabwato a bambo awo, abwerera m'madzi, ndipo m'mawa mwake atsika ndi nsomba zoyamba. Pakati pa asodzi, amene wagula nsomba zoyamba kwa mwini watsopano ndiye amakhala wogula wake. Abiti anadziwa kuti akapanda kuoneka, anyamatawo agwirana chanza ndi Che Amidu.

M'mawa Che Amidu anafika ine ndikuwamanga Abiti lamba wa pampando. Anati, "Achemwali, khalani pansi, ine ndilipo." Abiti anati, "Ndakhala pansi kokwanira." Anakankha kandodo, ine pambuyo ndi ambulera, botolo la madzi, ndi sipanala yomanga kunsonga ya chitenje, Che Amidu akutitsatira.

Kanjira kake kodutsa panyanja youma kanali kamene anaponda a kabaza, kolimba pamwamba. Uku ndi uku mabwato ogona chammbali, zigoba za nkhono, mafupa a nsomba. Mtengo panalibe ngakhale umodzi. Tisanafike pakati tobiriwira tinazima. Ndinawauza Abiti. Iwo anatenga nsonga ya mpango wawo n'kuphimba timagetsito.

Tinafika. Mwana wamkulu wa a Chikopa atawaona anasiya beseni, kubwera kudzanjuta pafupi ndi tayala, n'kunena kuti bambo ake anamuuza kuti nsomba zawo ndi za Abiti. Abiti anagula matemba ndi milamba, akunenerera mtengo mwaukali ngati kale, anyamatawo akuseka kuti mayi awa sasintha. Nsombazo anazimangira pa kabaza, Che Amidu n'kutsogola nazo kuti zisaonongeke. Ife tinatembenuka dzuwa litakwera kale.

Tinayenda mpaka pamene mabwato kumbuyo anaoneka ngati nyerere, ndipo mitengo ya pa Kachulu kutsogolo inaonekanso chimodzimodzi. Pamenepo njinga inalira kamluzu, kofiira kanaphethira, n'kuima.

Ndinachita zonse zimene ndinaphunzitsidwa. Kuzimitsa, kudikira, kuyatsanso. Inasuntha mapazi ochepa n'kuima. Ndinagona chamimba, kutsegula bokosi, kuona fyuzi ili bwino, kumanga mitu ndi sipanala ngakhale inali yolimba kale. Batire lakumbuyo linali lotentha losagwirika, likununkha ngati dzira lovunda. Ndinatseka, ndikukweza tizitsulo tiwiri tija, n'kuyamba kukankha.

Njinga imeneyi si chikuku cha kuchipatala chimene mwana akhoza kukankha. Payokha imalemera ngati thumba la chimanga ndi theka, ndiye muonjezepo munthu. Ndinakankha kamtunda ndithu. Koma kanjira kanali ndi malo ena pamene pamwamba pokha ndiye pouma, ngati nkhoko. Pobwera njinga inadutsapo ndi liwiro. Tsopano, mwapang'onopang'ono, timatayala takutsogolo tinaboola, matope akuda onunkha n'kutuluka. Ndinayesa kuikokera chambuyo, matayala aakulu nawonso analowa. Ndikamakoka, miyendo yanga yomwe inkamira mpaka mu akakolo.

Anadutsa a kabaza awiri. Anayesa kuinyamula, n'kumira nawo. Mmodzi anati mayi akwere kumbuyo kwake, koma munthu wopanda chiuno sangakhale pa kaliyala, agwa. Anati akaitana ngolo, ndipo wina wobwerera anatiuza kuti mwini ngolo wati ng'ombe zake sizilowa m'nyanja dzuwa lili pamutu, tidikire kuzizire. Ndinawapempha Abiti kuti ndiwabereke. Anakana. Anati ana a Chikopa awaona akuyenda okha, ndipo msika wonse wawaona akupita okha, asawaone akubwera pamsana ngati khanda. Anati tidikira ngolo.

Tinadikira. Ambulera ndinawagwirira iwo. Madzi a m'botolo anatha. Dzuwa la pa Chilwa nyanja ikauma limawotcha kawiri, lochokera kumwamba ndi lobwerera kuchokera pansi, ndipo mchere umalowa m'maso. Poyamba ankandicheza, kundifunsa ngati kumpingo kwathu tili ndi nyimbo yoitanira ng'ombe.

Ndinagwada kuti ndiwawongole miyendo, monga ndinkachitira nthawi ndi nthawi. Ndipamene ndinaona kuti silipasi ya kumanzere inagwa kalekale, mwina pamene ndinkalimbana ndi matope. Chidendene chinali pa chitsulo chopondapo, chakuda, chimene ambulera sinkafikapo. Nditanyamula phazilo, khungu linatsalira pa chitsulo. Mwini wake osadziwa kanthu. Nditawayang'ana kumaso, thukuta linali litasiya kutuluka, milomo yauma, ndipo anayamba kulankhula Chiyao chokhachokha, akuitana mayi awo amene anamwalira kalekale.

Apo sindinapemphenso. Ndinamasula lamba, kufulatira, kugwada m'matope, kukoka mikono yawo kuti idutse pamapewa anga, n'kuwamanga ndi chitenje monga timaberekera mwana, china n'kumanga m'munsi kuti asatsetsereke. Poimirira china chake chinalira mumsana mwanga. Mayiyo anali wamtali kuposa ine, mapazi ankandimenya m'katumba. Ndinayenda osayang'ana kutsogolo, ndikungoona ming'alu ikudutsa pansi. Ndikatopa ndinkawerama, manja m'maondo, osawatsitsa, podziwa kuti ndikawatsitsa sindidzukanso nawo.

Titayandikira msika wa doko lakale, mthunzi woyamba utatigwera, anatsitsimuka pang'ono. Anazindikira pamene ali. Ndinamva mpweya wawo kukhutu kwanga, akuti, "Nachisale, ndifunditseni kumutu."

Ndinakoka mpango wawo ndi dzanja limodzi n'kuwaphimba nkhope. Tinalowa mumsika choncho. Amayi oyanika matemba anaimirira. Ogulitsa mandasi, a minibasi, onse kutiyang'ana. Mayi wina wa kumpingo kwathu ataona munthu wophimbidwa kumutu, miyendo ikulendewera, anagwira m'mutu n'kuyamba kulira maliro, ena n'kumulandira. Ndinati ali moyo, bweretsani madzi. Abiti anamva zonsezo pansi pa mpango.

Kuchipatala chaching'ono anawaika madzi a m'mitsempha, n'kumanga phazi. Njinga inabwera pangolo madzulo. Ndinakhala nayo masiku angapo ndikuchotsa matope ndi sipuni ndi mswachi. A Makwinja anayesa mabatire onse awiri, anati lakumbuyo lafa ndipo lapha ndi linzake, chifukwa lakutsogolo lakhala likukoka lokha.

Che Amidu, ndinene zoona, anayesetsa. Anapita ku Songani n'kubwera ndi batire la galimoto, logwirapo kale ntchito. M'bokosi silinakwane, analimangirira kumbuyo ndi mphira za chubu, n'kulilumikiza ndi lakutsogolo lakale lija. Njinga inayenda kuchoka pakhonde kufika pamtengo wa mango. Itagwedezeka pamuzu, madzi a m'batiremo anatayika n'kudya chitenje cha Abiti, mwayi sanafike pakhungu. M'mawa mwake inakana kuyaka. Apo ndi pamene Twaibu anauzidwa zonse. Pafoni anati pafunika awiri, atsopano, amtundu umodzi, otsekeratu, ogula tsiku limodzi. Ku Zomba Che Amidu anafunafuna osawapeza a msinkhu wake. Twaibu anati atumiza kuchokera ku Joni komweko, koma tidikire apeze ndalama ndi galimoto yobwera kuno.

Abiti anabwerera pamphasa. Chidendene sichinapole, ndipo chifukwa chogona kwambiri chilonda china chinatseguka pafupa la m'chiuno, ngakhale ndinkawatembenuza ndi kuwatsuka ndi madzi amchere monga anandiuzira anamwino. Ana a Chikopa anabwera kamodzi kudzawaona, ndi milamba iwiri. Pambuyo pake nsomba zawo ankagulitsa kwa Che Amidu, pakuti bwato likafika silidikira wodwala. Akuluakulu a mpingo anabweranso, atanyamula nkhuku. Anapepesa ndi mtima wonse, koma ankaoneka kuti mpaka pamenepo sakumvetsa. Mmodzi anati, "Komatu ife tinkasiya limodzi." Abiti analandira nkhukuyo ndi manja awiri, n'kuwathokoza kuti awakumbukira.

Mabatire atsopano anafika mvula itayamba. Ndinawaika ndekha, wofiira kofiira, wakuda kwakuda, vaselini pamitu. Timagetsi tonse tinayaka. Koma anamwino anali atanena kuti asakhale pampando mpaka chilonda cha m'chiuno chitseke, ndipo sichinkatseka. A Makwinja anati batire longokhala nalonso limafa, liziyenda ndi kutchajidwa. Ndiye Abiti anandilamula kuti ndizikwera ine kupita nayo kukatchaja. Ndinkadutsa m'mudzi nditakhala pampando wa mwini wake, ine wa miyendo iwiri yabwinobwino, anthu akuyang'ana kumbali. Ndikamatuluka Abiti ankati ndisiye chitseko chotsegula kuti amve kulira kwa mota.

Zimene ndinatolapo pa ntchito imeneyi ndi izi, ndipo amene mudzasamale munthu wa njinga yotere mumve. Mabatire ake ndi miyendo yake. Mukachotsa limodzi mwamudula yonse. Akafooka, sinthani onse awiri pamodzi, osasakaniza latsopano ndi lakale, osaika la galimoto. Tobiriwira ta batire lotupa musatikhulupirire. Koma chachikulu n'chakuti munthu wolumala wokhala pakati pa anthu sangathe kukana pempho la maliro ndi pakamwa pake, ndipo si bwino kumuika pamalo oti akane. Bokosilo likhale ndi loko kuyambira tsiku loyamba, kiyi akhale kutali, kwa munthu wosapezeka msanga. Obwereka akabwera, aone okha kuti n'zosatheka. Akane ndi loko, mwini wake atsale ndi anansi ake, atsalenso ndi miyendo.

Abiti Yusufu anamwalira mvula yomweyo, madzi atayamba kubwerera pa Kachulu. Malungo a chilonda ndi amene anawatenga. Pa njinga ya mabatire atsopano sanakhalepo.

Twaibu anafika atawaika kale. Njingayo anaipereka kwa bambo wina wosoka nsapato ku Songani, wopuwala miyendo chibadwire, ndipo ananditenga kuti ndikaphunzitse mkazi wake. Tisanachoke tinaitana wowotcherera zitsulo kuti aike pokolekera loko, kiyi n'kumupereka kwa mlamu wa bamboyo wokhala ku Liwonde. Ndimamva kuti ikuyendabe. Twaibu anabwerera ku Joni, kuno sanapondenso.

Che Amidu geni ndi yawo tsopano, anamanga nyumba ya malata, ndipo tikakumana amandipatsa moni mwaulemu osandiyang'ana m'maso. A Makwinja anasamukira kwawo ku Phalombe ndi masola awo. Ana a Chikopa anagawana mabwato, wamkuluyo akadali m'madzi. Mpingo wathu unasonkherana n'kugula batire lakelake la maliro, limakhala kwa msungichuma.

Ine ndi uyu mukundionayu. Msana unayamba tsiku lija ndipo sunawongokenso. Kusikimu ndinasiya, kudoko sindifikako. Matemba ndimachita kutuma, ndipo amene abwera nawo ndimalandira omwewo.